Bondo la amayi: tiwachititse opaleshoni kapena tidikire?

Thokozani: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndikufuna nzeru zanu, makamaka inu a zachipatala. Amayi anga ali ndi zaka 68, amakhala kumudzi ku Ntcheu. Mawondo akhala akuwavuta kwa zaka zambiri, koma lakumanja ndiye lanyanya, mpaka mwendo wayamba kukhota. Mwezi watha tinawajambulitsa kuno ku Lilongwe. Dokotala anati chicherewecherewe chinatha, mafupa akungokhulana okhaokha, ndipo anatchulapo zoika bondo lachitsulo. Achimwene anga a ku Joni akuti ndalama asonkha, tipite nawo ku India chaka chisanathe. Amayiwo sakukana, sakuvomeranso, akungoti "muona ndinu ana anga". Kodi munthu amadziwa bwanji kuti nthawi ya opaleshoni yakwana?

A Kalua: Asisi, musayerekeze. Azakhali anga anawang'amba mwendo, mpaka lero ali pa njinga ya olumala. Munthu wa zaka 68 mumusiye ndi mafupa amene Mulungu anamupatsa.

Mbewe wa Mafupa: A Kalua, pepani za azakhali. Koma chinawachitikira n'chiyani kuti afike pa opaleshoni?

A Kalua: Anaterereka kubafa n'kuthyoka m'chiuno. Anagona nthawi yaitali pabedi atawamangirira cholemera kumwendo, opaleshoniyo inabwera mochedwa.

Mbewe wa Mafupa: Ndiye nkhani ziwiri zosiyana zimenezo. Nkhalamba ikathyoka fupa la m'chiuno, imeneyo ndi ngozi, ndipo chimene chimaifooketsa kwambiri ndi kugona pabedi nthawi yaitaliko. Apo sitikambirana zodikira. Nkhani ya a Thokozani ndi ya nyamakazi yodya pang'onopang'ono, palibe chowathamangitsa. Ine ndinagwira ntchito ya ukiliniko ofesala wa mafupa m'zipatala za m'maboma mpaka kupuma, ndipo chithunzi chokha sichinandiuzepo kuti munthu akufunika mpeni. Ndaonapo agogo a chithunzi choopsa akupita okha kudimba, ndaonaponso munthu wa chithunzi chooneka bwinobwino akulira usiku wonse. Mwanawe, ndiyankheni izi. Kodi ululu umawadzutsa usiku? Amayenda mtunda wotani asanaime? Asiya kuchita chiyani chimene ankachita zaka ziwiri zapitazo? Nanga pajambulidwe paja, anali ataimirira kapena atagona? Chithunzi cha bondo chimanena zoona munthu akaimirira, thupi lonse likupsinja mafupawo.

Thokozani: Anawajambula ataimirira, bambo Mbewe. Mafunso enawo kunena zoona ndiyenera kuwafunsa. Ine ndimangoona akutsimphina ndikapita kumudzi.

Mbewe wa Mafupa: Kawafunseni eni bondo. Achimwene a ku Joni asungebe ndalamazo, sizivunda.

Brenda: Auntie musataye ndalama ku India. Ndili ndi makapisozi ochokera kunja omeretsanso chicherewecherewe m'masiku 30, ambiri achira. Ndipezeni ku inbox.

Admin: A Brenda, malonda ndi Loweruka lokha pagulu pano. Ndipo zonena kuti mwakuti muchira ndithu sitizilola tsiku lililonse.

Nachisale UK: Zikomo a Admin. Chicherewecherewe chikatha palibe kapisozi kapena tiyi amene angachibwezeretse. Ngakhale glucosamine amene wadzaza m'mafamase, bungwe la NICE, limene limalemba malangizo a zachipatala kuno ku England, linati madokotala asamapereke kwa odwala nyamakazi chifukwa umboni woti amathandiza ndi wosakwanira.

Ine ndine nesi pa wodi ya mafupa, odwala oikidwa mawondo ndi nyonga ndimawaona sabata iliyonse. Bambo Mbewe anena zoona. Dokotala wabwino kuno amayang'ana zinthu zitatu pamodzi: chithunzi chisonyeze kuti mfundoyo yathadi, ululu ukhale woti walanda munthu tulo ndi ntchito zake za tsiku ndi tsiku, ndipo akhale atayesa kaye njira zina moikirapo mtima kwa miyezi ingapo. Chimodzi chikasowa, amakubweza. Zaka pazokha si chifukwa chokanira munthu. Odwala ambiri amene timawaika mawondo ali m'zaka za m'ma 60 ndi 70, amayi anu ali pakatikati penipeni.

Koma a Thokozani, mudziwiretu ichi chifukwa otsatsa zipatala za kunja sakuuzani. Mwa anthu 5 oikidwa bondo, pafupifupi mmodzi amatsala akudandaulabe ululu kapena kuuma, ngakhale dokotala atagwira ntchito yake bwino. Nyonga imakhutiritsa anthu kuposa bondo. Ndiye munthu amene ululu wake unali wapakatikati akhoza kutuluka akunena kuti bola kale. Amene amathokoza kwambiri ndi uja anali atasiya kugona.

Chifundo Fizo: Ndilowepo pa "njira zina" zimene a Nachisale atchula, chifukwa kwathu kuno timazimva ngati kumwa panado basi. Mu 2015 ku Denmark anatenga anthu 100 amene madokotala anavomereza kuti akuyenera bondo latsopano. Theka anawachita opaleshoni kenako mafizo (masewera olimbitsa minofu ndi kufewetsa mfundo), theka linalo anawapatsa mafizo, maphunziro, uphungu wa kadyedwe ndi mankhwala a ululu okha. Patatha chaka, ochitidwa opaleshoni ndiwo anali bwino kwambiri, izo n'zosabisa. Koma ndiwonso anakumana ndi mavuto aakulu ochuluka, monga magazi kuundana m'mitsempha ndi bondo kuuma. Ndipo mwa 50 amene sanawachite aja, 13 okha ndiwo anapita ku opaleshoni chakacho chisanathe. Otsalawo anapitiriza moyo ndi mawondo awo.

Chimene chimagwira bondo ndi mnofu wa kutsogolo kwa ntchafu. Munthu akamva ululu amasiya kuyenda, mnofuwo umafota, bondo limayamba kugwedera, ululu n'kuwonjezeka. Zochita zake sizifuna makina. Akhale pampando, awongole mwendo, augwire choncho pang'ono, autsitse. Adzuke pampando n'kukhalanso osagwira ndi manja. Ndodo aigwire ku dzanja la kumanzere popeza bondo lovuta ndi lakumanja, ambiri amalakwitsa pamenepa. Ngati ali ojintcha, kilo imodzi imene achotse imapeputsa bondo ndi makilo pafupifupi 4 pa sitepe iliyonse. Ndipo ngakhale mutasankha opaleshoni, ntchito imeneyi sipita pachabe. Wolowa ndi ntchafu yolimba amadzuka msanga.

A Kalua: Mafizo kumudzi ku Ntcheu awapeza kuti? Tiziyankhula zotheka.

Chifundo Fizo: Funso labwino, ndipo likugwira mbali zonse ziwiri. Ngati sangapeze mafizo opaleshoni isanachitike, adzawapeza kuti itachitika, pamene ndi pofunika koposa? Bondo loikirira likapanda kupindidwa masabata oyambirira limauma, ndipo likauma kulibweza n'kovuta. Awonane ndi wa mafizo ku chipatala cha boma kapena ku Kamuzu Central akabwera ku Lilongwe, awaphunzitse pamodzi ndi mdzukulu amene amakhala nawo, azikachitira kunyumba.

Thokozani: Ndabwerako, ndacheza nawo nthawi yaitali pafoni, ndipo mtima wanga wawawa. Akuti usiku amadzuka kangapo, bondo likuwotcha ngakhale atangogona. Ku Mvano Lachinayi anasiya kupita chaka chatha, ife amatiuza kuti kwatalika. Kumunda amangokakhala pamthunzi kuyang'anira aganyu. Kuchimbudzi ndiye nkhondo, ponyonyomala amagwira khoma, ndipo tsiku lina analephera kudzuka mpaka anaitana mdzukulu. Akumwa indosidi wa pagolosale tsiku lililonse, masiku ena kawiri. Ali ndi shuga ndi BP, izo timadziwa kale. Nditawafunsa chimene akuopa anati, "Ndikakafera kwa eni ake, mudzandibweretsa bwanji? Nanga ndikachira ndizidzagwada?"

Mbewe wa Mafupa: Eya, tsopano tamva wodwala. Ululu wodzutsa usiku ndi kusiya zimene munthu amakonda, zimenezo ndi zizindikiro zolemera kuposa chithunzi. Koma choyamba si bondo ayi. Indosidi tsiku lililonse kwa munthu wa zaka 68 wa shuga ndi BP, ameneyo akuononga impso ndiponso akhoza kuboola zilonda m'mimba. Bulufeni ndi diclofenac ndi banja lomwelo, musati asinthe apite kumeneko. Sabata ino akayezetse impso ndi kuchuluka kwa magazi, dokotala awasankhire chomwa. Pa bondo, mankhwala opaka a diclofenac amathandiza ndithu ndipo salowa m'thupi kwambiri ngati akumwa. Muwafunsenso ngati sakugula timapilisi tosalembedwa dzina ta pamsika. Tina timakhala ndi ma steroid, mankhwala amphamvu ochepetsa kutupa, timakweza shuga n'kufewetsa mafupa.

Nachisale UK: Ndiwonjezere za shuga. Pali kuyeza kotchedwa HbA1c kumene kumaonetsa mmene shuga wakhalira miyezi itatu yapitayo, osati wa m'mawa umodzi. Akakhala wokwera, bala limachedwa kupola ndipo tizilombo timalowa mosavuta. Matenda olowa pa chitsulo sachitika kawirikawiri, ndi munthu mmodzi kapena awiri pa 100, koma akachitika ndi tsoka lenileni. Maantibayotiki okha nthawi zambiri sakwanira, amafunika kutsegulanso, mwina kuchotsa chitsulocho, kudikira masabata, n'kuikanso china. Ndiye dzino lobooka, chilonda cha kuphazi, matenda a m'chikhodzodzo, zonsezi zithe kaye. Ndipo ngati wina awauza za jakisoni wa steroid wa m'bondo, amathandiza kwa masabata ochepa, koma asabayidwe m'miyezi itatu yoyandikira opaleshoni chifukwa amawonjezera chiopsezo chomwechi.

Mayi Gondwe: Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine bondo lakumanzere ndi lachitsulo, anandiika nditapitirira zaka 70. Ndiyankhe funso la mnzangayo la kugwada, chifukwa madokotala amaliyankha mothamanga. Kugwada ndimatha pa pilo, koma sikukoma, pamamveka ngati si pako, ndipo khungu la pambali pa chipsera linachita dzanzi mpaka lero. Kukhala pamkeka ndinasiya, pamaliro ndimapempha mpando ndipo manyazi ndinathana nawo. Kunyonyomala ndiye iwalani. Ana anandimangira chimbudzi chokhalira chokwera bwino, chokhala ndi chogwirira kukhoma, ndisanapite n'komwe kuchipatala.

Mwezi woyamba ndinkatukwana mumtima aliyense amene anandilimbikitsa. Ululu wa mafizo si wamasewera, mwendo unatupa, tulo kunalibe. Pofika miyezi itatu ndinayamba kuona phindu, koma kuti ndinene kuti ndachira panatha chaka. Lero ndimagona mpaka kucha ndipo kutchalitchi ndimayenda wapansi. Bondo linalo nalonso likudya, dokotala anati tichite, ine ndakana. Limandipweteka ndikayenda kwambiri koma silindidzutsa, ndiye likhale.

Muwauze amayi anuwo andiimbire, tikambirane akuluakulu tokha. Mawu aja oti "muona ndinu ana anga" ndi a munthu woopa kukhumudwitsa mwana amene wasonkha ndalama. Pa mafizo palibe mwana amene adzawapindire bondo. Akapita mokakamizidwa sadzalimbikira.

Thokozani: Amayi Gondwe, Mulungu akudalitseni. Nambala ndikutumizirani kumbali. Za chimbudzizo sitinaziganizire n'komwe, tonse maso anali pa tikiti ya ndege.

Chifundo Fizo: Amayi Gondwe anena zimene timalephera kufotokoza. Bondo loikirira nthawi zambiri limapinda madigiri 110 mpaka 120. Zimenezo zimakwana kuyenda, kukwera masitepe, kukhala pampando ndi kukwera minibasi. Kunyonyomala mpaka pansi kumafuna kuposa pamenepo. Zitsulozi anazipangira anthu okhala pamipando, pamene mayi wa kumudzi tsiku lake lonse lili pansi: kuphika pamafuwa, kuchapa, kusankha nyemba, kupalira. Ndiye pomuyeza ngati akuyenera opaleshoni, muyezenso khomo lake.

Mphatso J: Funso langa ndi la India. Bwanji osachitira konkuno? Kapena kuno sizitheka?

Mbewe wa Mafupa: Zimatheka ndipo zinayamba kale. Chipatala cha Beit CURE ku Blantyre chinatsegulidwa mu 2002 ndipo madokotala a kumeneko anaika nyonga ndi mawondo ambiri, moti mu 2005 anayambitsa kaundula wa dziko lonse wolemba aliyense woikidwa mfundo yachitsulo, kuti azimutsatira. Ku Lilongwe, pa Kamuzu Central, kunatsegulidwa LION mu 2023, chipatala cha mafupa ndi ubongo. A Thokozani ayambire kumeneko, akaonane ndi dokotala wamkulu wa mafupa, amve maganizo achiwiri, afunse mtengo ndi mndandanda wa odikira. Ngati amayi ali pa MASM kapena inshulansi ina afunsenso kuti imalipira mbali yanji.

India sindikunyoza, kuli madokotala odziwa ntchito. Nkhawa yanga ndi ya pambuyo. Bala likayamba kutulutsa madzi sabata yachitatu muli ku Ntcheu, mudzaimbira ndani? Mukasankha kunja, mupezeretu dokotala wa kuno wovomera kuwatsatira, ndipo mubwere ndi pepala lolemba dzina la kampani ndi saizi ya chitsulo chimene aika. Tsiku lina wofuna kukonza adzalifuna.

Nachisale UK: Komanso ulendo wautali wa pandege munthu atangochitidwa kumene opaleshoni ya mwendo umawonjezera chiopsezo cha magazi kuundana, ndipo choundanacho chikathamangira kumapapo chikhoza kupha. Pa bajeti muwerengere masabata okhala komweko, malo ogona a wodikirira ndi mankhwala ochepetsa kuundanako. Mtengo umene amalemba pa intaneti ndi wa chipatala chokha.

Yamikani: Pepani ndilowerere ndi yanga, ndaona kuti pano pali odziwa. Ndili ndi zaka 39, ndimayendetsa kabaza wa njinga yamoto. Chaka chatha ndinayamba kumva kuwawa m'mphechepeche kutsikira kubondo, ndinkangoti ndi bondo. Pano kuvala sokosi n'kovuta ndipo mwendo ukuoneka wafupika. Atandijambula anati mutu wa fupa la nyonga unafa chifukwa magazi sakufikako, waphwanyika. Dokotala wina akuti ndiikidwe nyonga, wina akuti ndine mwana, ndipirire mpaka zaka 50. Ndili pa ma ARV, sindibisa. Ndimvere uti?

Mbewe wa Mafupa: Achimwene, mwachita bwino kunena. Choyamba ena aphunzirepo: nyonga imakonda kunamizira bondo. Ululu wa nyonga umamveka m'mphechepeche ndi kutsogolo kwa ntchafu mpaka kubondo. Wa kumatako wotsikira kuphazi ndi dzanzi nthawi zambiri ndi msana. N'chifukwa chake wodandaula bondo timamugoneka n'kuzunguza nyonga yake tisananene kanthu.

Nyonga ili ngati munsi mumtondo. Mutu wa munsi ukadali wobulungira, pali maopaleshoni ang'onoang'ono oyesa kuupulumutsa, monga kuboola fupa kuti magazi ayendenso. Ukaphwanyika subwereranso, ndipo umayamba kukumba mtondowo. Vuto lanuli si lachilendo kuno. Pa anthu oyambirira kulembedwa m'kaundula uja, kufa kwa mutu wa fupa ndiko kunali chifukwa chachikulu choikira nyonga, kusiyana ndi ku Ulaya kumene ambiri ndi nkhalamba za nyamakazi. Zoyambitsa zodziwika ndi mowa wambiri, ma steroid omwa nthawi yaitali, sickle cell, HIV, ndi kuvulala kwa nyongayo. Za ma ARV zisakudetseni nkhawa. Madokotala a ku Blantyre anatsatira odwala awo okhala ndi HIV oikidwa nyonga, napeza kuti anachira bwino. Chachikulu n'chakuti mukumwa mokhulupirika ndipo tizilombo tatsika m'magazi.

Nachisale UK: Madokotala anu awiriwo aliyense wagwira mbali ya choonadi. Woti mudikire akuopa kuti chitsulo chimatha. Mu 2019 magazini ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza kafukufuku amene anasonkhanitsa ziwerengero za makaundula a mayiko angapo: pa nyonga 100 zoikirira, pafupifupi 58 zinali zikugwirabe ntchito patatha zaka 25, pa mawondo 100 zinali 82. Kafukufuku wina wa ku UK wa 2017 anapeza kuti woikidwa atapitirira zaka 70, mwayi woti adzafunikenso opaleshoni yachiwiri moyo wake wonse ndi pafupifupi 5 pa 100, koma kwa bambo woikidwa ali m'zaka zoyambirira za m'ma 50 umafika 35 pa 100. Inu muli ndi 39, ndiye muwerengere kuti yachiwiri idzakhalapo, ndipo yachiwiri imakhala yovuta ndi yodula kuposa yoyamba chifukwa fupa logwirapo limakhala litachepa.

Koma kunena kuti mupirire zaka 11 ndi mutu wophwanyika, ine sindikugwirizana nazo. Zimenezo ndi zaka zimene ana anu akufuna fizi. Mwendo ukafupika msana umapindika, minofu imafota, ndipo nyonga inayo imasenza katundu yokha. Maganizo odikira anakhazikika nthawi imene pulasitiki wa m'kati mwa nyonga yoikirira ankadyeka msanga. John Charnley, amene anayambitsa nyonga yamakonoyi ku Wrightington mu 1962, ankasankha makamaka okalamba ndi olumala kwambiri. Pulasitiki wa masiku ano amachedwa kudyeka, ndipo a zaka za m'ma 30 ndi 40 timawaona pa wodi pathu.

Yamikani: Ndiye ndikaikidwa, kabaza ndidzabwererako?

Chifundo Fizo: Kukhala panjinga pakokha ambiri amatha pakapita miyezi ingapo. Choopsa ndi kugwa. Fupa likathyokera pa chitsulo, kukonza kwake n'kwakukulu, ndipo mukudziwa nokha mmene a kabaza akugwera m'misewu yathu. Miyezi yoyambirira mudzapewanso mpando wotsika, kupingasa miyendo ndi kunyonyomala, kuopa kuti nyonga ingagwejemuke. Ndikanakhala inu ndikanayamba kuganiza zopatsa mnyamata njingayo kuti azikupatsani ya tsiku.

Mbewe wa Mafupa: Ndipo mukabwerera kwa dokotala mupemphe ayang'anenso nyonga inayo ngakhale sikupweteka. Matendawa amakonda kugwira mbali zonse ziwiri, ndipo poyambirira chithunzi wamba sichionetsa, amaonetsa ndi makina ojambulira otchedwa MRI. Ikapezeka msanga mwina imeneyo n'kupulumuka. Ngati mumamwa, botolo mulisiye lero. Fodya nayenso.

Yamikani: Mowa ndinasiya nditayamba mankhwala, fodya ndiye ndikulimbana naye. MRI yo ndikafunse ku Queens kapena ku Central?

Mbewe wa Mafupa: Kumene kuli kufupi ndi inu, koma mupite ndi kalata ya dokotala wa mafupa amene anakuonaniyo, apo ayi mukangotaya ya thiransipoti. Mutenge zithunzi zonse zakale, buku la kuchipatala ndi zotsatira za viral load zaposachedwa.